Mapanti ochapa ogwira mkodzo ndi abwino pa madontho, koma ali ndi malire

Mapanti ochapa opangidwira amayi amene mkodzo umawatuluka mosafuna amaoneka ngati panti wamba, koma pakati pake pamakhala nsalu zitatu zosanjikizana: yapamwamba imene imachotsa chinyezi pakhungu, yapakati imene imamwa mkodzo n'kuusunga, ndi yapansi imene siilola madzi kudutsa kuti afike pa chovala. Ndakhala ndikuwavala chibadwire mwana wanga wotsiriza, pamene ndinayamba kuona kuti ndikatsokomola, ndikayetsemula kapena ndikanyamula chinthu cholemera, madontho amatuluka ndisanamve n'komwe kuti ndikufuna kukodza. Vutoli limabwera minofu ya pansi pa chiuno, imene imachirikiza chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo, ikafooka chifukwa cha pakati ndi kubereka, kunenepa kwambiri, kudzimbidwa kwa nthawi yaitali, kapena kuchepa kwa mahomoni a estrogen mayi akasiya kusamba.

Pa vuto la mtundu umenewu, mapantiwa amagwira ntchito yake mokhutiritsa. Amayi ambiri timayamba ndi mapadi a msambo chifukwa ndi amene tinawazolowera, koma mapadi amenewo anapangidwira magazi, amene ndi olemererapo ndipo amatuluka pang'onopang'ono, pamene mkodzo ndi wamadzimadzi ndipo umabwera nthawi imodzi, moti umatsetsereka m'mbali padiyo isanaumwe. Panti uyu amaumwa msanga, sapindika pakati pa ntchafu, ndipo salira ngati pulasitiki munthu akamayenda. Chimene ndimachiyamikira kwambiri n'chakuti ndinasiya chizolowezi chogwira kumbuyo kwa siketi ndi dzanja nthawi iliyonse ndikamadzuka pampando pakati pa anthu, ndipo mayi aliyense amene anakhalapo ndi mantha amenewa akudziwa kuti mpumulo wake si waung'ono.

Malire ake ndi oonekeratu kwa mayi amene mkodzo umamupana mwadzidzidzi n'kutuluka wambiri asanafike kuchimbudzi. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimatha kusunga mamililita 400 mpaka 600, ndipo panti wopyapyala ngati ameneyu amamwa gawo lochepa chabe la mkodzo umenewo, kotero pa vuto lotere mapadi okhuthala otaya, amene amasandutsa mkodzo kukhala ngati phala, ndiwo odalirika.

Kasamalidwe kake nakonso kamafuna khama. Panti wonyowa ayenera kutsukuluzidwa m'madzi ozizira asanachapidwe, chifukwa mkodzo ukakhalitsa umatulutsa fungo lamphamvu ndiponso umayabwitsa khungu. Mankhwala ofewetsa zovala amachepetsa mphamvu ya nsalu yomwa madzi, ndipo kusita kumawononga nsalu yapansi ija. Pakati pake pamachedwa kuuma ngakhale m'mbali mutauma kale, choncho munthu amafunika kukhala ndi angapo, komanso kathumba kotsekeka koikamo wonyowa akamasintha ali paulendo.

Ndikudandaula kuti otsatsa zinthu zoterezi kawirikawiri satsindika zoti pantiyo sachiza chilichonse. Masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, amene Arnold Kegel, dokotala wa amayi wa ku America, anawafotokoza mu 1948, ndiwo amachepetsa kudonthako, ndipo madokotala amalangiza kuwachita tsiku lililonse kwa miyezi yosachepera 3 munthu asanaweruze ngati akuthandiza. Mayi amafinya minofuyo ngati akuletsa mkodzo, amaigwira kwa masekondi angapo, kenako n'kuimasula, osaumitsa mimba kapena kusunga mpweya. Kuchepetsa khofi kumathandizanso, koma kusiya kumwa madzi kumangopangitsa mkodzo kukhala wakupsa, umene umavutitsanso chikhodzodzo.

Mayi amene mkodzo ukutuluka usana ndi usiku osaleka pambuyo pobereka movutikira akhoza kukhala ndi fistula (bowo limene limabooka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera), imene imachizidwa ndi opaleshoni, ndipo amene akumva kuwotcha pokodza kapena akuona magazi mumkodzo apite kuchipatala asanaganize zogula panti aliyense.