X-32B ndi X-35B: Njira Ziwiri Zoteretsera Ndege Yankhondo Ngati Helikopita

Dziko la America litafuna ndege yolowa m'malo mwa Harrier (ndege yankhondo yakale yotera molunjika ngati helikopita), yothamanga kuposa liwiro la phokoso komanso yotha kutera malo amodzi osathamanga pabwalo, makampani awiri anabwera ndi nzeru zosiyana.

Boeing, ndi X-32B yake, inatsata njira ya Harrier: mpweya wotuluka mu injini kuukhotetsera pansi kudzera m'mapaipi otembenuka. Zida n'zochepa, zoti zingaonongeke nazonso n'zochepa. Chovuta ndi kutentha. Mpweya wamotowo ukamenya pansi umabwerera m'mwamba, injini n'kuumezanso, ndipo injini ikameza mpweya wotentha imafooka pomwe ndegeyo ikudalira mphamvu zake zonse kuti isagwe. Poiyesa ku bwalo la ndege zankhondo la Patuxent River mu 2001, anachita kuichotsa zida zina kuti ipepuke.

Lockheed Martin, ndi X-35B yake, inaika chimkupiza chachikulu kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa, chozunguzidwa ndi shafiti yochokera ku injini kudzera pa clutch, chipangizo cholumikiza kapena kulekanitsa injini ndi chimkupizacho. Chimkupizachi chimaponya pansi mpweya wozizira, womwe umanyamula mbali yakutsogolo komanso kutchinga wotentha uja kuti usafike kukamwa kwa injini. Pa 20 Julaye 2001, X-35B inanyamuka itangothamanga pang'ono, inapyola liwiro la phokoso, n'kutera molunjika, zonsezi ulendo umodzi. Mu Okutobala chaka chomwecho Lockheed Martin inapambana mpikisanowu.

Ine ndimaona kuti anasankha bwino, koma tisabise mavuto amene chimkupizachi chinabweretsa. Chimagwira ntchito ponyamuka ndi potera pokha. Ulendo wonse ndi katundu chabe, ndipo chimadya malo a mafuta, n'chifukwa chake F-35B, ndege yomwe inachokera ku X-35B, siifika kutali ngati F-35A ndi F-35C, mitundu ina ya ndegeyi yomwe ilibe chimkupizachi. Pofika 2004 ndegeyi inali italemera mopitirira, akatswiri n'kuichotsera makilogalamu oposa 1,200. Chigoba china cha m'kati, chomwe anachipanga ndi aluminiyamu kuti chipepuke, chinang'aluka poyesedwa mu 2010. Clutch inkatentha, zitseko zolowetsera mpweya zinkavutanso. Mu Januwale 2011 nduna ya chitetezo ya America, Robert Gates, inapereka zaka ziwiri kuti akonze, apo ayi ndegeyi ithetsedwe. Leon Panetta, yemwe analowa m'malo mwa Gates, anachotsa chiopsezochi patatha chaka chimodzi.

Ngakhale kutentha sikunatheretu. Paipi yakumbuyo imalavulabe moto pansi, moti sitima zonyamula ndegezi, monga HMS Queen Elizabeth ya ku Britain, anazimata zoteteza pamalo oterera kuti zitsulo zisapse.