RO ya kukhitchini, DI yokha, kapena RO/DI: ziti zoyenera thanki ya makorale kuno ku Tete

Oweta nsomba za m'nyanja ya mchere kuno ku Tete tilipo owerengeka, koma funso lomwe limandipeza pa WhatsApp ndi limodzimodzi: makina osefera madzi tigule ati? Ndiyankhiretu pano, anzanga, aliyense amve. RO (reverse osmosis) ndi makina okankha madzi kudutsa pa membrane, kansalu kosefa kopyapyala kwambiri; DI ndi kabotolo ka resin, timikanda toyamwa maminero a m'madzi; RO/DI ndi ziwirizi pamodzi.

Nyanja ili kutali, ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, choncho tonse timasungunula mchere wogula. Ndiye mu October ndi November, kutentha kukapitirira madigiri 40, thanki imaphwa tsiku lililonse. Amauma ndi madzi okha. Phosphate, silicate kapena kopa zomwe zabwera ndi madzi owonjezera zimatsalira momwemo n'kumaunjikana, kenako ndere zabulauni zakuta miyala, makorale (zamoyo za m'nyanja ya mchere zooneka ngati miyala) afota. N'chifukwa chake kachipangizo koyezera TDS (kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi) kayenera kuwerenga 0, osati 10 kapena 5.

Madzi a m'zigubu za malita 20 ndi abwino kumwa, koma ambiri ali ndi maminero. A mvula nawo amadzera pa malata odzadza fumbi, ndipo a ku Moatize, kwa migodi ya malasha, mukudziwa fumbi lake ndi lamtundu wanji. Zimenezo tizisiye.

RO ya kukhitchini ndi yomwe imapezeka mosavuta, ndipo ogulitsa amakonda kuitamanda kuti ili ndi masefa 6 kapena 7. Funsani ntchito ya sefa yomalizayo. Kawirikawiri ndi yobwezera maminero kuti madzi azikoma kukamwa, zomwe zikutanthauza kuti mukulipira kuti makina achotse zinthu kenako n'kuthiranso zina. Ilibenso resin, ndiye TDS siifika pa 0. Ngati muli nayo kale musaitaye: lambalalani sefa ya maminero ndi kathanki kake, mulumikize DI kumapeto. Koma yogula dala chifukwa cha makorale, ayi.

DI yokha ndi yotchipa pa tsiku logula basi. Resin imasenza yokha zonse za m'madzi a pampopi, ndipo mudzatopa ndi kugula ina.

Tsopano pomwe pali chilonda changa: RO/DI yopanda pampu. Pa bokosi zonse zili bwino, sefa ya matope, sefa ya makala yochotsa klorini yemwe amawononga membrane, membrane ya 75 GPD (magaloni 75 pa tsiku), kenako resin. Amene anandigulitsa anati ingolumikizani ku mpopi, mudzapeza malita pafupifupi 280 pa tsiku. Chomwe anabisa n'chakuti nambala imeneyo amaiyeza madzi akamakankha ndi mphamvu ya 3.5 mpaka 4 bar. Nanga ife ambiri madzi athu amachokera kuti? Mu thanki ya pamwamba pa nyumba. Kuti mupeze 1 bar yokha, thanki iyenera kukwera mamita 10. Ya pa nsanja ya mamita 5 ikupatsani theka la bar. Pamenepo kapaipi ka madzi oyera kamangodontha, dontho lero dontho mawa, pomwe ka madzi otaya kakuyenda osapuma. Ngakhale olumikiza mwachindunji ku paipi ya mumsewu, presha imakwera ndi kutsika malinga ndi nthawi.

Kuchedwako ndikanapirira. Chinandipweteka ndi resin. Presha ikachepa, membrane imadutsitsa zambiri, ndipo zonsezo zimakagwera resin. Tiyerekeze kuti TDS ya madzi anu ikuwerenga 300. Membrane yogwira bwino, yochotsa 98 pa 100, isiya 6. Ikatsika kufika pa 90 pa 100, isiya 30. Ndiye kuti resin ikudyeka kasanu kuposa mmene iyenera kudyekera. Ine ndinkachita kuona ndi maso mu kabotolo koonekera mkati kaja: timikanda tabuluu tikusanduka tabulauni kuyambira pansi, mzere wake ukukwera ngati Zambezi mu February. Ndipo resin si chinthu chongothamangira kumsika. Umayitanitsa ku Maputo kapena ku Johannesburg, kulipira transipoti, n'kudikira, thanki uku ikuphwa. Nditabwerera kukadandaula, bambo aja anatulutsa pampu pansi pa kauntala, yogulitsa payokha, transifoma yakenso payokha. Ankadziwa bwinobwino. Kuyambira pamenepo ngakhale kasefa ka matope sindigula kwa iwo.

RO/DI yobwera ndi pampu yake ndi yomwe ndimaikira kumbuyo, ndipo sindibisa kuti ndimaikondera. Imawawa pogula, imafuna magetsi, imalira pang'ono usiku. Koma geji ikakhazikika pa 4 mpaka 5 bar, membrane imagwira ntchito yake yonse, resin imangopukuta zotsalira, ndipo imakhalitsa. Sankhani yokhala ndi geji ya presha komanso mita ya TDS yoyeza malo awiri, potuluka mu membrane ndi potuluka mu resin. Nambala yoyambayo ndiyo imakuchenjezani ndalama zisanayambe kutayika.

Za madzi otaya, makina ambiri a RO amataya malita 3 kapena 4 pa lita imodzi yabwino. Kolopani nawo m'nyumba, chapirani zovala.

Ziwiri zina za kwathu kuno. Nthawi ya mvula madzi amabwera ndi matope, ndiye sefa yoyamba ija ya 5 micron muziisintha ikangofiira, musadikire miyezi yolembedwa pa pepala. Komanso mapaipi oyenda padzuwa amatenthetsa madzi, pomwe membrane malire ake ndi madigiri 45. Sefani m'mamawa kapena usiku. A madzi a pamjigo dziwaninso kuti mpweya wa CO2 umadutsa mu membrane n'kukadya resin, choncho madziwo muyambe mwawapopera mpweya ndi kapampu mu mgolo kuti CO2 ichoke.

Abale a ku Ulónguè ndi Angónia yonse, vuto lanu ndi losiyana. Madzi ozizira a mu June amadutsa mu membrane mochedwa, pomwe nambala ya pa bokosi amaiyeza pa madigiri 25. Inu tengani ya 100 GPD, ndipo pampu isasowe, musachite kukambirana.