Buledi wa rye wachijeremani: Sauerteig kapena yisiti?

Ku Germany, buledi wotchedwa Roggenbrot amakhala ndi ufa wa rye (mbewu yofanana ndi tirigu) wosachepera 90 peresenti, ndipo amatupitsa ndi Sauerteig, phala la ufa ndi madzi losasa lokha. Weizenmischbrot, buledi wosakaniza tirigu ndi rye, amachulukitsa tirigu, choncho yisiti wa m'paketi amakwanira.

Nthawi: kuyambitsa Sauerteig kumatenga pafupifupi sabata, koma buledi wa yisiti, maola atatu mwadya.

Mkati: rye wambiri akapanda kusasa amatuluka wonyata, womata pampeni. Ngakhale atasasa bwino, dikirani tsiku lathunthu musanadule, pamenepa ndiye povuta!

Kusunga: Roggenbrot amatha sabata, winayo amauma msanga.

Ngati mukuikamo nthanga za dzungu kapena mpendadzuwa, ziviikeni kaye, apo ayi zimayamwa madzi a mtanda.

Oyamba kumene, tengani Weizenmischbrot. Roggenbrot ndi wa oleza mtima okonda zowawasa.