Fortune's Pawn: mtsikana amene mfuti zake anazipatsa mayina

Buku ili anabwera nalo msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg, ndipo linakhala pa shelefu miyezi ingapo osaligwira chifukwa ndinkaganiza kuti ndi za nkhondo zokhazokha. Tsiku lina magetsi atazima madzulo, foni itatha moto, ndinalitsegula ndi tochi kuti ndingoona masamba awiri atatu, koma nde tambala woyamba analira ndikadali pomwepo, tochi ikuyamba kufiira.

Analemba ndi Rachel Bach, dzina lake lina ndi Rachel Aaron, ndipo linatuluka mu 2013 ku kampani ya Orbit. Ndi loyamba pa mabuku atatu, enawo ndi Honor's Knight ndi Heaven's Queen, onse awiri a mu 2014. Mayinawa atengedwa ku masewera a chesi, ndipo ukamawerenga umamvetsa chifukwa chake, mtsikanayu akuyamba ngati kanthu kakang'ono kongokankhidwa ndi anthu akuluakulu amene sakumuuza n'komwe kuti masewera ake ndi otani.

Mtsikanayo ndi Devi Morris, msilikali waganyu wa ku pulaneti lotchedwa Paradox, komwe mfumu amaitenga ngati yopatulika. Chimene chinandigwira poyambirira penipeni ndi ichi: Devi akusiya ntchito yabwino ku gulu la Blackbirds osati chifukwa wachotsedwa kapena wina wamuswera mtima ayi, koma chifukwa akakwezedwanso udindo ndiye kuti azikakhala mu ofesi, iye safuna zimenezo, akufuna kukhala Devastator, asilikali osankhika a mfumu. Nde akumva kuti pali chombo china cha malonda choyenda mumlengalenga, Glorious Fool, cha kaputeni Caldswell, chimene chili ndi tsoka loti chaka chimodzi ukulondera mmenemo amachiwerengera ngati zaka 5 kwina kulikonse, bola utulukemo wamoyo. Iye basi kukalembetsa. Mtsikana wa zaka 27 wodziwa chimene akufuna pa moyo wake, osapepesa kwa aliyense.

Tsono za zida zake. Anzanga, apa nde pamene wolembayu anandimaliza. Devi ali ndi chovala chachitsulo chophimba thupi lonse, chokhala ndi makamera ndi kompyuta mkati, ndipo amachitchula kuti Lady Gray. Mfuti yaing'ono ndi Sasha, yaikulu ija ndi Mia, chimpeni chake choyaka moto ndi Phoebe, ndipo chimpenicho chimayaka kanthawi kochepa kwambiri nde amayenera kuganiza kaye asanachiyatse. Mmene amazisamalira, kuzipukuta, kudandaula chovala chikakandika, zinandikumbutsa azakhali anga ndi makina awo osokera a chopondera aja, tsiku lililonse asanayambe ntchito kudontheza kamafuta, kupukuta ndi kansalu, mwana osayerekeza kukhudza. Munthu amene chida chake ndi chimene chimamudyetsa amachikonda choncho, ndipo ine ndinakhulupirira kuti Devi ndi msilikali weniweni chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa buku landiuza kuti ndi wamphamvu.

M'chombomo muli anthu osiyanasiyana, ena si anthu n'komwe. Woyendetsa njira Basil ndi cholengedwa chooneka ngati chimbalame, wokwiyakwiya. Dokotala Hyrek ndi wa mtundu wa xith'cal, abuluzi akuluakulu amene amadya anthu, ndiye taganizani wavulala ndipo wokusoka bala ndi ameneyo. Palinso Ren, mwana wamkazi wa kaputeni, amene sayankhula, amangokhala phee pa bolodi yake ya chesi, ndipo ukangomuona umadziwa kuti apa pali nkhani.

Chikondi chikubwera ndi Rupert, wophika wa m'chombo. Eya, wophika. Mkazi ndi amene ali ndi mfuti pakhomo, mwamuna ali kukhitchini, watsitsi lalitali lakuda, waulemu, wofatsa. Chimene ndinakonda n'choti Devi ndi amene akuyamba kumufuna, mosabisa, ndipo atagwa m'chikondi sakusanduka munthu wina. M'mabuku ambiri achikondi amene ndawerenga mkazi amayamba wolimba, koma mwamuna akangotulukira basi nzeru zonse zathawa, wayamba kudikira kupulumutsidwa. Devi ayi. Amamukonda Rupert zoona, mpaka zimamupweteka, koma maloto ake a u-Devastator sanawataye, ndipo kukachitika phokoso amavala Lady Gray n'kuthamangira komweko. Ndili ndi mng'ono wanga amene anthu amamuuza kuti achepetse kulimba mtima kwake kuti asaopseze amuna, nde nditamaliza bukuli ndinamupatsa iyeyo kaye.

Koma zondinyansa ziliponso. Rupert ali ndi zinsinsi, n'zoonekeratu kuti si wophika wamba, ndipo khalidwe lake lomuyandikira Devi lero mawa n'kumukankha ati pofuna kumuteteza linanditopetsa pakati pa buku. Kumusankhira munthu wamkulu zochita ati chifukwa umamukonda ine sindigwirizana nazo, makamaka munthu ngati Devi amene watha zaka akudziteteza yekha. Ndipo zimene zikuchitika kumapeto, sindiulula, koma zinandiwawa mumtima moti ndinatseka buku n'kukhala kaye chete. Mathero ake sakumanga nkhani, mafunso ambiri okhudza Caldswell ndi Ren akusiyidwa m'malere, nde musayambe loyambali musanadziwe komwe mukapeze lachiwiri. Ine ndinadikira masabata angapo ndipo sizinali bwino.

Chizungu chake n'chosavuta, Devi akufotokoza yekha nkhani yake ngati akucheza nawe, ndipo za sayansi sizinachuluke moti n'kukusokoneza. Mayina a zolengedwa zija okha ndi amene amavuta masamba oyambirira, kenako umazolowera. Masamba ndi opitirira 300 koma amathamanga. Dziwani kuti muli magazi ndithu, muli kumwa mowa, komanso zakuchipinda zilimo, nde si la ana asukulu ya pulayimale.

Ngati mumafuna chikondi chokhachokha tsamba lililonse mwina mudzaona ngati nkhondo zachuluka, chifukwa zikupita limodzi ndipo nthawi zina zipolopolo ndi zimene zikutsogola. Kwa ine nde zinali bwino choncho. Pa nyenyezi 5 ndikulipatsa 4, imodziyo ndamuchotsera Rupert. Mng'ono wanga uja panopa ali pa Honor's Knight, ndipo usiku wathawu wanditumizira uthenga pa WhatsApp cha m'ma 1 koloko kundifunsa ngati Devi adzamukhululukire.