Chida choyeretsera database mu digiKam: chimagwira ntchito, koma sichikusungirani kope

digiKam, pulogalamu ya pakompyuta yosanjira zithunzi, ikakhala pa SQLite (mtundu wa database, kapena kuti nkhokwe ya zambiri, yosungidwa m'mafayilo wamba) imasunga zinthu zake m'mafayilo anayi. Mu digikam4.db muli maalubamu, matagi, nyenyezi ndi mawu ofotokozera zithunzi. Mu thumbnails-digikam.db muli tizithunzi ting'onoting'ono timene mumaona posankha chithunzi, ndipo fayilo imeneyi ndi imene imanenepa msanga. Nkhope zili mu recognition.db, pomwe similarity.db ndi yopezera zithunzi zofanana. Mukafufuta zithunzi zambiri, zotsalira zake zimakhalabe m'mafayilowa, ndipo ntchito yozichotsa ili pa Tools, kenako Maintenance, pagawo la Perform Database Cleaning.

Ambiri amachonga bokosi loyamba lokha, n'kukapeza mafayilo ali chimodzimodzi, kenako n'kumati chidachi n'chachabechabe. Bokosi loyambalo limangochotsa zotsalira mu digikam4.db. Tizithunzi, nkhope ndi zofananitsira zili ndi mabokosi awoawo pansi pake. Komanso SQLite ikafufuta kanthu sibweza malo ku disiki; imangowalemba kuti ndi opanda kanthu, kuti idzawagwiritsenso ntchito. Fayilo imachepa pokhapokha mutachonga bokosi lomwe lili ndi mawu akuti shrink. Limeneli limayendetsa VACUUM, lamulo lomwe limalemba database yonse mwatsopano n'kutaya mipata. Apa okonza pulogalamuyi akadafotokoza momveka, chifukwa bokosi lofunika kwambirilo ndi limene lili kumapeto.

VACUUM imafuna malo. Pa disiki pazikhala potsala pofika kuwirikiza kawiri kukula kwa fayilo imene ikuchepetsedwa: ngati ya tizithunzi ndi 3 GB, pakhale 6 GB. Ntchitoyi ili mkati digiKam imaoneka ngati yauma. Musaitseke mokakamiza, isiyeni imalize.

Chodandaulitsa chachikulu n'chakuti chidachi sichiyamba chasunga kope. Muchite nokha. Tsekani digiKam kaye, kenako koperani mafayilo anayi aja kwina. Mukaona ena othera ndi -wal kapena -shm pambali pake, atengeninso, poti mu -wal mumatha kukhala zosintha zomwe sizinalowe mu fayilo yaikulu. Amene ali ndi sqlite3, kapulogalamu kolembamo malamulo a SQLite, angathe kuyesa digikam4.db ndi lamulo la PRAGMA integrity_check. Ikayankha kuti ok, pitirizani. Ikatulutsa zina, bwezeretsani kope lakale m'malo moyeretsa fayilo yowonongeka. Ya tizithunzi ikawonongeka sizodetsa nkhawa, digiKam ipanganso ina kuchokera ku zithunzi zenizeni, ingotenga nthawi. Koma digikam4.db ikapita, matagi amene sanalembedwe m'zithunzi kapena m'mafayilo a XMP (timafayilo tosunga matagi pambali pa chithunzi) apita nayo.

Chenjeraninso ndi Sync Metadata and Database, yomwe ili pawindo lomwelo. Imayenda mbali ziwiri, ndipo mukasankha yochokera ku zithunzi kupita ku database, zomwe zili m'zithunzi zitha kulowa m'malo mwa zomwe munalemba mu digiKam. Ngati mwangobwera kudzayeretsa, musaikhudze.

Pa zithunzi zosapitirira 100,000, SQLite yokhala pa SSD n'kumayeretsedwa mukafufuta zambiri ndi yokwanira. Mafayilo a database musawaike pa foda ya netiweki, chifukwa kumeneko SQLite imalephera kuteteza fayilo moyenera kuti isalembedwe ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi ndipo imawonongeka mosavuta. Zithunzi zikachuluka kuposa pamenepo, kuyeretsa kokha sikubweza liwiro, ndipo ndi bwino kusamukira ku MariaDB, mtundu wina wa database, kudzera pa chida cha digiKam cha Database Migration.