Chinangwa chomwera tiyi: chootcha, chophika, chokazinga kapena futali?

Chikwerereni mtengo wa buledi, anzanga kuntchito sakusiya kundifunsa momwe ndimakonzera chinangwa, poti amandiona nacho m'kontena tsiku ndi tsiku. Njira zinayi zonse ndinaziyesa, ndipo pali imodzi yomwe ndidakali nayo mangawa.

Ndiyambe ndi yomweyo, kuotcha. Chaka chatha ndikuchokera ku Salima ndinagula mulu wa chinangwa m'mbali mwa msewu. Wogulitsa analumbira kuti ndi Manyokola, mtundu wa chinangwa chozuna, wokumba m'mawa womwewo. Kondakitala ankatifulumizitsa, choncho sindinathyole ngakhale chimodzi kuti ndione m'kati. Nditafika kunyumba ndinachiika pambaula ndi makoko ake omwe. Kuipa kwa kuotcha n'komweku: kunja kumapsa bwino, fungo lili guu, koma za m'kati umazidziwa utaluma kale. Theka la mulu uja linali ndi mizere yakuda, kusonyeza kuti chinakumbidwa kalekale, pakuti chinangwa chikangotha masiku 2 kapena 3 chitachoka m'nthaka chimayamba kuwonongeka.

Zimenezo ndikanapirira. Chomwe chinandipweteka mtima n'chakuti munthu uja anasakanizamo chowawa. Mwana wanga wamng'ono analuma n'kulavula, ine thupi lonse linazizira, chifukwa kuwawa kuja ndi poizoni, ndipo moto wa makala suuchotsa wonse. Chinangwa chowawa n'cha kondowole. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amayamba achisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo, n'kuchiyanika, kenako n'kusinja. Kuchigulitsa kwa mayi wopita nacho kwa ana ngati chozuna ndi nkhanza. Ndinataya mulu wonse, makala anapsa pachabe.

Kuphika sikubisa kanthu. Posenda umaona chilichonse, ndipo chovunda umachitaya mphika usanafike pamoto. Ndimachotsa makoko onse awiri, lopyapyala lakunja ndi lokhuthala lam'kati, n'kudula zibenthu, n'kusolola mtsitsi wapakati. Madzi akhale ambiri, kamchere pang'ono, mphika wosavundikira, ndipo chikapsa madziwo ndimakhetsa n'kutaya. Chaufa chimang'aluka chokha pakatha mphindi 20 kapena 30. Vuto lake limabwera m'dzinja, pomwe china chimangoti gwa ngakhale uonjezere makala.

Chokazinga n'chokoma, sinditsutsa, makamaka ukayamba wachiwiritsa pang'ono. Koma chimamwa mafuta koopsa, ndipo chikazizira chimalimba. Ndalama yomwe umati wapulumutsa pa buledi imathera m'chiwaya.

Futali ndiye ndimamukondera, ndipo sindibisa. Mayi anga ankatiphikira tikamapita kumunda. Chinangwa chikafewa amathira nsinjiro n'kusiya zibwate pang'onopang'ono mpaka msuzi utagwirana, osatakasa kwambiri kuopa kuti chingasanduke phala. Mbale imodzi umafika nayo madzulo osamva njala, mafuta osagula, shuga osafunika. Kungoti futali sachedwa kusasa. M'nyengo yotentha ya Okutobala, wophikidwa m'mawa sadalirika pofika masana ngati mulibe firiji.

Ndiye kwa amene mumandifunsa: kuntchito tengani chophika, futali akhale wa Loweruka banja lonse lili pakhomo, chokazinga n'cha tsiku lolandira. Chootcha kwathu chimapsa pokhapokha ndachithyola ndekha pamsika, n'kuona kuyera kwake, n'kulawa kansonga ndisanalipire.