Miyezi 14 pa njinga yamoto, Lunzu mpaka Ginnery Corner: kodi ndikanagulabe?

Njinga yanga yamoto yakwanitsa miyezi 14 sabata yathayi, ndipo mita yake ikuonetsa makilomita oposa 11,000. Pafupifupi onsewo ndi a msewu umodzi: kuchoka kwathu ku Lunzu, kudutsa pa Kameza ndi ku Chirimba, kulowa m'tauni, kukatsikira ku Ginnery Corner komwe ndimagwira ntchito, madzulo n'kubwerera. Ndi kanjinga wamba ka 125cc, kofanana ndi timene anyamata a kabaza amayendera. Dzina lake sinditchula, poti zimene ndikufuna kunena pano si za kampani.

Nditangoigula mu Ogasiti 2024, aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndinachedwa kugula. Anthu ankagwedeza mutu n'kumati zili bwino. Amene sanagwedeze ndi mayi a kunyumba okha. Anaiyang'ana ili pakhonde, mapepala apulasitiki asanachotsedwe n'komwe, n'kungoti, "Inu bambo, anawa adakali aang'ono." Ndinaseka tsiku limenelo. Zimene ndalemba panozi ndi yankho limene ndikanayenera kuwapatsa, lochedwa ndi chaka chathunthu.

Za ndalama ndidutsepo msanga chifukwa palibe mkangano. Ulendo wopita ndi wobwera umandidyera petulo pafupifupi lita imodzi patsiku, pomwe kale ndinkakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Kumapeto kwa 2024, mafuta atasowa m'dziko muno ndipo mitengo ya minibasi ikukwera mmene kondakitala wadzukira, ine ndikangodzaza thanki ndinkatha sabata yonse osaganizanso za pamzere. Oyilo ndimasintha pa makilomita 2,000 alionse. Tcheni ndi magiya ake ndasinthapo kamodzi, tayala lakumbuyo kamodzi. Zonsezi kuziphatikiza sizikufika pa zimene minibasi inkandidyera. Pa thumba, njinga yapambana.

Nkhani yagona pa nthawi. Pa minibasi ndinkatuluka m'nyumba 6 koloko isanakwane, kudikira kuti idzaze, kuima siteji iliyonse, kutsika m'tauni, kukweranso ina. Ola limodzi ndi theka linkatha. Pa njinga ndi mphindi 35 kapena 40. Mwezi woyamba ndinkanyamukabe m'mamawa chifukwa cha mantha, ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Mwezi wachiwiri ndinayamba kumwa tiyi nditakhala pansi. Pofika wachinayi ndinali nditadziwa kuti ndikanyamuka 20 pasiti 7 ndikhozabe kufika, bola ndisagone panjira. Mphindi zonse zimene njinga inandipatsa ndinazithera m'bulangeti, n'kumakazifunanso pamsewu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinagwa mu Disembala. Usiku kunagwa mvula yamphamvu, ndipo madzi anakokolola mchenga kuchokera m'tinjira ta m'mbali n'kuusiya pa tala, monga zimachitikira chaka chilichonse m'dera la Chirimba. Ndinali nditachedwa. Minibasi imene inali patsogolo panga inaona munthu akukweza dzanja, n'kuima pomwepo, osapatuka, osaonetsa chizindikiro. Ine ndinafinya buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse, tayala lili pa mchenga. Zinachitika bwanji sindinazione. Ndinangozindikira ndili pansi, njinga yandipanikiza mwendo wakumanja, paipi ya utsi ikundiotcha katumba. Galimoto imene inali kumbuyo kwanga inaima pafupi moti nambala yake ndinaiwerenga ndili chigonere.

Ndinachoka pamenepo ndi bondo losupuka, chikhatho chong'ambika, ndi chilonda chamoto chimene chinatenga masabata atatu kuti chipole. Fupa silinathyoke. Anthu amene anandidzutsa ankatukwana dalaivala wa minibasi, inenso ndinathandizira kutukwanako, koma usiku ndili chigonere ndinawerenga mlandu wanga. Minibasi kuima mwadzidzidzi si nkhani yachilendo ku Blantyre. Ndi mmene zimayendera tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadziwa. Ndinali nditaikakamira kumbuyo kuti ndipeze mpata woipitirira. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, munthu umayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti diso likamaona, mutu n'kuuza dzanja, mamita amenewo apita kale buleki usanaikhudze. Liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda woti uime umawirikiza kanayi. Masamu amenewa ndinawaphunzira bondo litatupa kale.

Chinanso chimene ndiyenera kuulula: njinga ndinaiphunzira pabwalo la mpira, kwa mnyamata wa kabaza, masiku awiri okha. Anandionetsa kilatchi, magiya ndi hutala, basi. Laisensi ya A1, ya njinga zosapitirira 125cc, ndinaitenga ndithu ku Road Traffic, inshulansi ndinadula, nambala ili kumbuyo. Koma mapepala sakuphunzitsa kuima. Nditachira ndinabwerera pabwalo lomwe lija Loweruka zingapo, kukaphunzira kugwira mabuleki onse awiri pamodzi, kufinya yakutsogolo pang'onopang'ono m'malo moikwatula, ndi kumva mmene tayala limachitira pa fumbi. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, koma ndiyonso imakugwetsa ukaigwira mwankhanza poterera. Anyamata ambiri amaiopa n'kumangopondereza yakumbuyo, n'chifukwa chake mumawaona akukhwekhwereza tayala mpaka kukagunda chimene amafuna kuchilewa.

Kugwa kwanga sikunandiopse ngati mmene anandiopsera alamu anga. Iwo si anthu othamanga. Ndi mphunzitsi wachikulire, woyenda ndi njinga zaka zambiri, ndipo tsiku limene anagundidwa anali kumbali kwawo, masanasana. Galimoto yochokera kutsogolo inakhotera kumanja kulowa pa filling station, n'kuwadula. Mwendo unathyoka pawiri. Dalaivalayo, munthu waulemu wake, anatsika akunjenjemera, mawu ake ali amodzi: "Pepani madala, sindinakuoneni." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Woyendetsa galimoto akamafuna kukhota, maso ake amafunafuna galimoto inzake. Chinthu chopyapyala ngati njinga amachiyang'ana koma osachiona, ndipo akachiona amayesa chili patali.

Ndinakawazonda kuchipatala kangapo. Mu wodi ya ovulala mafupa, bedi ndi bedi nkhani inali ya njinga: wina woyendetsa, wina wokwezedwa, wina amangowoloka msewu. Zikhakha, zitsulo zotulukira pakhungu, anyamata a zaka za m'ma 20 atagona chagada kuwerenga malata. Madokotala a ku Queens ndi ku Kamuzu Central akhala akudandaula pa wailesi ndi m'nyuzipepala kuti ngozi za njinga zamoto zikudzaza mawodi amenewa, ndipo munthu ukalowamo sufunanso umboni wina. Alamu anakhala miyezi isanu osagwira choko. Apa ndi pamene masamu a ndalama aja amasokonekera. Ndalama yonse imene ndapulumutsa pa chaka ikhoza kuthera pa mwendo umodzi, ndipo inshulansi imene ambirife timadula, ya third party, ndi yolipira amene iwe wamulakwira, osati mwendo wako.

Kuyambira pamenepo ndimayenda ngati munthu wosaoneka. Nyali imakhala yoyaka ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pamphambano iliyonse, galimoto ikaima kudikira kukhota, sindiyang'ana nkhope ya dalaivala koma tayala lake lakutsogolo, chifukwa nkhope imanama, tayala silinama. Pa raundabauti ya Kameza sindilowa limodzi ndi thiraki, zivute zitani. Msewu wathuwu ndi umene mumadutsa mathiraki ochokera kuchipata cha Mwanza komanso mabasi a ku Lilongwe, ndipo thiraki ikamakhota, ngolo yake imadula mkati, pomwe wa njinga amakonda kubisala. Mphepo yake yokha ikakudutsa pafupi imakukankha.

Chipewa. Chimene anandipatsa pogula njinga chinali chigoba chabe, chopepuka ngati chipande, choti ukachifinya ndi manja awiri chimapindika. Ndi chimene ndinagwa nacho, ndipo mwayi wake mutu sunagunde kwenikweni. Panopa ndili ndi chophimba nkhope yonse ndi chibwano chomwe, chokhala ndi chizindikiro cha ECE kumbuyo, chosonyeza kuti chinayesedwa kulimba kwake, ngakhale zomata zoterozo zabodza ziliponso, ndiye muziona makulidwe a thovu lolimba la mkati ndi kulimba kwa lamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chipewa chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Mawu oti moyenera ndiwo ofunika. Chipewa chosamanga lamba chimauluka iwe usanafike pansi, ndipo chokolekedwa pachiwongolero kudikira apolisi a trafiki chimateteza chiwongolero. Ndinagulanso magolovesi, jekete lochindikala la pa kaunjika, chovala chonyezimira, ndi nsapato zofika m'kapolo. Za ku ofesi zimakhala m'kabati kuntchito. Mwezi uno wa Okutobala ndimafika thukuta lili kamukamu, anzanga n'kumaseka kuti ndikupita kumwezi. Aziseka.

Pa njinga yeniyeniyo, zinthu ziwiri sizinandisangalatse. Nyali yake ndi yofooka. Usiku imangoonetsa dzenje utalowamo kale. Matayala amene inabwera nawo ndi olimba, okhalitsa, koma pa tala yonyowa sagwira bwino. Makanika wanga, mkulu wina wa pa Lunzu pomwepa, atandiona ndikuwerengera mtengo wa tayala labwinopo anati, "Achimwene, tayala ndi nsapato ya njinga. Mukufuna muziyenda pamatope ndi patapata?" Ndinagula. Injini yokha sinandikhumudwitsepo, imalira kamodzi m'mawa ulionse, ngakhale mu Juni. Lamlungu madzulo ndimaona mpweya, kulimba kwa tcheni, mabuleki ndi nyali yakumbuyo. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Pali masiku amene njinga imagona m'nyumba, ndipo apa ndi pamene maganizo anga asinthira kwambiri. Mvula ikayamba ndisananyamuke, ndimakwera minibasi. Yoopsa kwambiri ndi yoyamba kugwa pakapita masiku a dzuwa, chifukwa imatukula oyilo ndi fumbi zimene zinakhazikika pa tala, msewu n'kukhala ngati therere. Mizere yopentedwa ndi zivundikiro zachitsulo nazo zimaterera, ndipo dzenje lodzadza madzi silinena kuya kwake. Nthawi ya chiperoni, nkhungu ikatsika, galasi la chipewa limachita mame mkati ndi kunja, ukalitsegula maso amalira. Mu Juni ndi Julayi mdima umagwa anthu akungoweruka kumene, ndipo kuchokera pa Kameza kupita ku Lunzu ndi mdima weniweni: oyenda pansi ovala zakuda, njinga zakapalasa zopanda nyali zitasenza makala, galimoto za diso limodzi zimene umayesa njinga inzako. Bwana akandigwira mpaka usiku, njinga ndimaisiya kwa alonda. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, sindiyenda dzuwa litalowa ngakhale kumwamba kuyere bwanji. Mowa sindiulawa tsiku limene ndili ndi makiyi m'thumba, ngakhale botolo limodzi.

Ana sindiwakweza. Wamkulu analira sabata yathunthu kuti anzake amapita kusukulu pa njinga, atatu kapena anayi pa imodzi, wina atakhala pa thanki. Chipewa cha msinkhu wake ndilibe, ndipo miyendo yake sifika popondera. Amayenda wapansi ndi anzake.

Za anyamata a kabaza ndinenepo pang'ono, poti anthu akamva za ngozi amathamangira kwa iwo. N'zoona kuti ambiri alibe laisensi, ena njinga zawo zilibe nambala, ndipo kupitirira kumanzere kapena kulowera kosayenera ndi chakudya chawo. Andidzidzimutsapo kosawerengeka. Koma mnyamata uja ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini njinga madzulo, ndipo ulendo uliwonse umene waphonya ndi ndiwo zimene zasowa kwawo. Kuthamanga kwake kuli ndi chifukwa, ngakhale chifukwacho sichibweza mwendo wa munthu. Nanga ine wa pamwezi, amene malipiro anga sasintha ndikafika 7:50 kapena 8:05, ndinkathamangiranji pa Chirimba paja? Tsiku limene ndinagwa, amene anayamba kuima n'kundichotsa njinga pamwendo anali wakabaza, pasenjala wake ali pampando.

Ndiye kodi ndikanagulabe? Eya, koma ndikanayamba ndi chipewa ndi maphunziro, njinga pambuyo. Sindinganamize munthu kuti njinga ndi yotetezeka ngati minibasi. Minibasi zathu zili ndi mavuto ake, koma zikagundana pang'ono mumatsika n'kumakangana. Pa njinga kugundana pang'ono komweko ndi chikhakha. Zimene ndachita zachepetsa ngozi zochokera kwa ine, koma za mtundu wa alamu anga zilipobe m'mawa uliwonse. Amene ulendo wake ndi wa masana, wa msewu umene amaudziwa, ndipo ali ndi mtima wotha kusiya njinga pakhomo kukachita mitambo, ndingamuuze kuti agule. Amene amaweruka usiku, kapena akufuna njinga kuti azidzuka mochedwa, ndalama yakeyo aisunge.

Ine ndinabwerera ku nthawi yanga ya minibasi. Ndimanyamuka 6 koloko itangopitirira, msewu usanadzaze, n'kukafika ku ofesi alonda a usiku asanaweruke, tiyi ndimakamwera konko. Mvula yayandikira, tayala lakutsogolo ndisintha malipiro a mwezi uno akalowa, ndipo m'kachitini pamwamba pa kabati mayi a kunyumba ayamba kale kuponyamo ya minibasi. Njingayo mpaka lero sanaikwerepo. Ndikafika kuntchito ndimawaimbira kamodzi n'kudula, iwo n'kudziwa kuti ndafika.